A Tionenji Analola Lola

Holide itatha, mu Seputembala wa 1996, Etta anauzidwa mosapita m'mbali kuti kalasi yake yamadzulo ya Chisipanishi ku Lewisham, mu London, itsekedwa ngati sapeza wophunzira mmodzi wowonjezera. Ndiye Loweruka m'mawa anakagogoda pa fulati ya a Crispin, dalaivala wa basi wa kwawo ku Ntcheu, munthu amene chaka chatha ankakhala kutsogolo n'kumayankha ndi mafunso a anzake omwe.

A Crispin anatsegula chitseko pang'ono, mpatawo n'kuutsekereza ndi mwendo.

"Hola, ankolo!" anatero Etta, mano onse pamtunda.

"Kuwola ndawola kale, aphunzitsi. Nenani zina."

"Ndadzakukumbutsani kuti Lachiwiri tikuyamba. Musaope, tiyamba pang'onopang'ono. Mayeso kulibe, homuweki kulibe. Aliyense angonena zimene anachita pa holide."

"Zimene ndinachita pa holide? Pagulu? Sindibwera."

"Mwaiwala zonse eti? Musachite manyazi, aliyense amaiwala."

"Ndikanaiwala bwenzi ndili pamtendere, mwanawe. Ine chinandipweteka n'kukumbukira. Tsiku lomaliza munati chiyani? Munati pitani mukayeserere pa anthu, mukaona chokongola muyamikire. Ndinayamikira. Chiganizo chimodzi chokha! Lero Lola ali m'nyumba mwanga."

Tsono Etta, ngakhale sukulu anapita nayo patali, mawu ankawameza mmene abwerera. Ukamuuza kuti mutu ukuzungulira, ankafunsa kuti ukuzungulira cha kuti.

"Lola? Wa kuti ameneyo?"

"Musanamizire kusadziwa. Amalawi a mu London muno nkhani siigona. Kwawo amati n'ku Colombia."

Etta anagwira pamtima. Anaganiza za akazi awo a Crispin, anti a Tionenji, mayi wa kwaya, amene anamupatsa jekete yake yoyamba atangofika kuno, ndipo chisoni chinamugwira.

"Nanga anti a Tionenji analola?"

"Analola Lola? Sabata yoyamba anati ndisankhe, iwo kapena iye."

"Munasankha ndani?"

"Ndisankha bwanji? Ndimutaye pamsewu? Chichewa samva, Chingerezi samva. Ukamuyankhula amangokuyang'ana ndi timaso tija, mtima n'kufewa."

"Mayo ine! Akugona kuti?"

"Tinamuyalira pabalaza. Anakana. Amabwera kuchipinda."

"Kuchipinda!"

"Pakati pathu penipeni. Ndiye kuliza mkonono kwake!"

"Ankolo, inu ndinu mkulu wa mpingo!"

"Ndiye mkulu wa mpingo asasambitse mlendo? Ndimamusambitsa ndekha. Mayi akunyumba amangogwirizira thaulo."

Etta anatsamira khoma. "Mapepala ali nawo koma?"

"Onse. A katemera ndi omwe."

"Sindikunena katemera ine. Ku Croydon, kwa a imigireshoni, munapita naye?"

"Akataniko ku Croydon? Ndimapita naye kupaki. M'mawa ndi madzulo, pa chingwe."

"Pa chingwe!"

"Nanga ndimusiye? Akaona mwamuna aliyense amathamangira."

"Ankolo Crispin, ndimakulemekezani ngati bambo anga, koma ili ndi dziko la malamulo. Ndikukaimbira apolisi!"

Apo m'pamene panamveka kuuwa. Pakati pa miyendo ya a Crispin panasuzumira kagalu koyera, kaubweya wopotanapotana, kali ndi riboni yofiira pamutu.

"Lola, bwerera!" anakalipa a Crispin. Lola anatuluka.

Etta anayang'ana kagaluko, kenako a Crispin, kenakonso kagaluko. "Ndi galu?"

"Inu mumayesa nkhuku?"

"Koma... munayamikira ndani?"

A Crispin anausa moyo, n'kutsegula chitseko chonse. "Mayi wa ku Colombia amene ankakhala pamwamba pathupa. Ndinakumana naye pamasitepe, masutikesi ali mbwee, akubwerera kwawo. Tsitsi atalikonza bwino, kukhwapa atapanira ameneyu. Ndinati lero aphunzitsi anga anyadire. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, me gusta su pero."

"Su pelo."

"Ndi zomwe ndanenazo."

"Ayi, mwati pero. Tsitsi ndi pelo. Galu ndi perro."

"Mwanena mawu amodzi katatu."

"Tamverani. Pe-lo. Pe-rro."

"Aphunzitsi, kwathu l ndi r ndi mapasa, ukaitana wina amabwera mnzake. Unene Lilongwe, unene Rirongwe, basi imakafika ndithu. Ndiye tsikulo lilime linandigudubuzika ngati njinga yamoto. Mayi uja analira misozi, kundikumbatira, kundipsompsona masaya onse awiri. Akuti mwezi wathunthu akusaka woti amusiyire. Ndisanapeze mawu oti ayi, takisi inali itakhota kale."

"Ayi ndi no, ankolo. N'chimodzimodzi ndi Chingerezi."

"Mukundiuza lero?"

Etta anadziluma mlomo kuti asaseke, chifukwa nkhani imene anadzera sinali yoseketsa. "Mwaona tsono? N'chifukwa chake muyenera kubwerera. Sabata yoyamba tichita l ndi r basi, mosewera."

"Ndibwerere kuti ndikayamikirenso chiyani? Pansipa pali bambo wa ku Peru. Mawa ndiyamikira nsapato zake, andisiyira apongozi ake."

"Sizingatheke. Nsapato ndi zapato, apongozi ndi suegra, sizifanana n'komwe."

"Pakamwa panga zikhoza kufanana. Komanso Lachiwiri madzulo mayi amakhala ali pa shifiti kuchipatala. Uyu ukamusiya yekha amalira, mpaka anthu kumenya khoma. Nkhani yatha."

Etta anatsitsa mawu. "Ankolo, ndinene zoona. Mukapanda kubwera kalasi ija akutseka. Ndibwerera kokolopa maofesi. Ndinavutikira digiri imeneyi, ndipo ntchito yophunzitsayi ndimaikonda. Ndikupempha."

A Crispin anayang'ana Etta, anayang'ana Lola amene ankanunkhiza nsapato za mlendoyo mchira uli gwedegwede. Kenako anakanda chibwano pang'onopang'ono.

"Mwati kusiyana kwa pelo ndi perro kulipodi?"

"Kulipo! Kwakukulu!"

"Ine sindikukumva. Mwina munene chiganizo chonse. Cha galucho. Koma mumunyamule, kuti ndione ndi maso chimene mukunena."

Mphunzitsi akamva wophunzira wafunsa funso, nzeru zina zonse zimathawa. Etta anaika chikwama pansi, ananyamula Lola, n'kuimirira mowongoka.

"Me gusta su perro."

"Aa, mwathamanga. Kutanthauza?"

"Galu wanu ndamukonda."

"Tabwerezani mokweza, lilime ligudubuzike bwino."

"Me gusta su perrrro!"

A Crispin anatembenukira m'nyumba. "Mayi, mwamva?"

"Ndamva!" anayankha a Tionenji kukhitchini, mwansangala ngati ali pa chinkhoswe.

Etta asanaphethire, chingwe chinali m'dzanja lake, mbale ya galu kukhwapa, thumba la mabisiketi pa phewa. A Crispin anamugwira chanza cha dzanja lotsalalo mwaulemu wonse, dzanja lina atagwira pachigongono.

"Ankolo, dikirani! Ine ndimangophunzitsa!"

"Mwaphunzitsa bwino zedi. Lachiwiri ndibwera, mundisungire malo."

"Koma inu munati munangolakwitsa, ndiye inenso..."

"Ine ndinalakwitsa lilime, aphunzitsi," anatero a Crispin akukankha chitseko. "Inu mwanena bwinobwino."