Bambo Layson Zangaphee ndi mafuta a kafukufuku

Malemu bambo Layson Zangaphee anabadwa pa 4 Malichi 1958 kwa Mwadzama. Sukulu analekezera Sitandade 5, chifukwa usipa utagwa wambiri chaka chimenecho, aphunzitsi sanawaonenso.

Mu 1981 anamanga banja ndi mayi Mtendere, ndipo analera ana ndi bwato ndi nkhafi basi.

Mu 1995 anayamba kudwala zithupsa za m'khwapa, zopola lero n'kuphulikanso mawa. Ululu unawalanda nkhafi. Poyenda ankatambasula mikono, moti ena mwa inu munkati munthuyu akudzimva. Iwo chimene ankalirira chinali kubwerera panyanja.

Mu 2021 kunabwera madokotala oyesa mankhwala atsopano opaka. Anafotokoza bwinobwino kuti odwala ena alandira enieni, ena mafuta wamba, ndipo palibe adziwe zake mpaka kafukufuku atatha. Anatinso osagawira munthu. Apa ndiye panavuta, poti malemu chibadwire sanadyepo chinthu okha. Wa chipere anapakidwa. Bondo la a Tedson, mkulu wa mpingo, linapakidwa. Ngakhale mbuzi ya a Maliko inalawako. Mudzi wonse unachitira umboni kuti wachira, kupatula mwini wake.

Zotsatira zitatuluka mu 2023, zinadziwika kuti malemu ankalandira mafuta wamba. A Tedson mpaka lero akukana, akuti madokotalawo ndi ansanje.

Chaka chomwecho malemu anapatsidwa mankhwala enieni. Mayi Mtendere anatsekera mankhwalawo m'sutikesi, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje. Zithupsa zinaphwa, ndipo tinawaonanso bambo athu akupalasa mpaka kumathiriro a Bua, akuimba mosokoneza ngati kale. Ife ana tinalira ndi chimwemwe.

Mwezi watha zilonda zinabwereranso ndipo tinadabwa. Lachiwiri lapitali anatisiya ndi matenda a mtima. Dzulo lomweli tamva kuti malemu ankamasula kiyi uja mayi athu akamasamba, mankhwala n'kumapatsira mayi Safiya a ku Dwambazi, amene nthenda yomweyi inkawalepheretsa kunyamula khanda lawo. Mayiwo ali nafe pano, mwana ali m'manja.

Malemu asiya mkazi, ana asanu ndi zidzukulu khumi. Tikuthokoza mpingo, adzukulu okumba manda, asodzi anzawo, ndiponso madokotala chifukwa chowapirira. Ife kutiwawa kwatiwawa zedi. Bambo, kapumeni mumtendere, kumene mwapitako kulibe chowawa.