Utsi wa ku Bala Unasamukira Kuchipinda

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wina anali atabereka mwana amene chifuwa chake chinkalira ngati wezulo. Bambo amene anaima kumbuyo kwake ndiye anayambitsa nkhani.

"Pepani mayi, chifuwa ichi ndikuchidziwa. Ndimaperekera mowa m'bala, inenso ndinkatsokomola chonchi. Koma chiletsereni kusuta m'katimo, ndinachira. Lero wandibweretsa ndi mutu chabe."

"Munachira, eti?"

"Ngakhale malaya anasiya kununkha."

"Utsi munauthamangitsawo, mukudziwa komwe unapita?"

"Panja, si choncho?"

"Unabwera kwanga. Bambo a mwanayu ankasutira kubala, kunyumba n'kumangobwera ndi fungo. Pano akuti sangamaime panja ngati mlonda, mowa wawo uli m'kati. Amagula mabotolo awo n'kudzakhala pabedi. Chipinda n'chimodzi, zenera timatseka kuopa udzudzu."

"Simuwauza kuti azitulukako?"

"Ndinayesa. Akuti kubala anawatulutsa, ndiye ine ndiwatulutsenso m'nyumba mwawo? Komatu mwanayu amamukonda zedi. Amamukhazika pamiyendo n'kumamuimbira nyimbo, ndudu ili pakamwa."

"Nanga adokotala akuti bwanji?"

"Andifunsa kuti amasuta ndani pakhomo, ndisanatchule n'komwe. Mwana woti sanayambe kuyenda, amangogonekedwa, kuchipatala kuno kwakhala ngati kwawo."

"Kwa akuluakulu simunakadandaule?"

"Apongozi anandiseka. Akuti akazi anzanga akulira amuna osaoneka pakhomo, ine ndili ndi mwayi, wanga akaweruka kuntchito amabwera molunjika."

Mwana uja anatsokomola mpaka kubanika. Mayiyo anamugwedeza pang'ono, n'kumangitsa nsalu.

"Mwayi wakewo ndi uwu ndaberekawu."