Galu Amene Anaulula Bodza Langa

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Toronto ndi a kumudzi omwe. Ine ndine mayi a Tadala a ku Scarborough, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Zimene ndikuuzeni lero ndinazibisa kwa chaka chathunthu. Amuna anga anali kundende, ndipo ine ndinkauza mpingo wonse kuti ali ku Malawi.

Mlandu wawo sindiupaka mafuta. Anayendetsa galimoto ataledzera n'kugunda munthu amene mpaka lero amayenda motsimphina. Iwonso anavulala m'mutu ndipo anayamba kudwala matenda akugwa. Mlandu ukuchedwa kukhoti, bungwe lina linawapatsa galu wophunzitsidwa, dzina lake Juno. Matenda akawagwetsa, Juno ankagona mowatsamira kuti asadzipweteke, kenako ankauwa osalekeza mpaka munthu atabwera. Amuna anga anasiya mowa, ndipo kulikonse ankayenda ndi galuyo, ngakhale kutchalitchi. Ine ndiye sindinkamufuna ngakhale pang'ono. Kwathu ku Ntcheu galu amathera pakhomo, choncho kumuona atadzitambasula pakapeti yanga kunkandinyansa.

Tsiku lachigamulo, asanawatenge, anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndisamutaye Juno. Abungwe aja analola kuti ndimusunge, ndipo ndinamusungadi, koma mong'ung'udza. Lamlungu lotsatira amayi akumpingo atandifunsa za bambo, ndinangoti apita kumudzi kukadwazika mayi awo, galuyo tinabweza. Apongozi anga ndinawadwalitsa ndi bodza langa chaka chonse, pamene eniake anali kulima bwinobwino ku Ntcheu. Alendo akabwera, Juno ndinkamutsekera kuchipinda. Kenako ndinasiya kulandira alendo, kutchalitchi nakonso ndinayamba kujomba.

Chaka chisanathe, madokotala anawapeza amuna anga ndi khansa ya m'chiwindi, itafalikira kale. Nditapita kukawaona ndinapeza munthu atatha ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Funso lawo loyamba linali lakuti Juno akudya bwanji. Kunena zoona zinandipweteka, chifukwa ine amene ndinayenda ulendo wonsewo sanandifunse ngati ndikudya.

Loya wathu anandiimbira foni masana ena kundiuza kuti pali njira. Mkaidi amene watsala pang'ono kufa akhoza kupempha kuti akamalizire masiku ake kunyumba. Koma akuluakulu oona za kumasula akaidi amafuna kudziwa amene adzamusamalire ine ndikakhala kuntchito, ndiponso amafuna makalata a anthu omudziwa. Loyayo anandiuza kuti ndimutumizire mayina mwamsanga, chifukwa nthawi sinali kumbali yathu. Mwana wathu Tadala anali kusukulu ku Oshawa. Kupatula iyeyo, ndinalibe dzina ngakhale limodzi loti ndilembe. Anthu onse amene akanatithandiza ndinali nditawanamiza.

Ndinakhala pansi m'khitchini n'kuyamba kulira. Ndinapemphera kuti, Ambuye, musalole bambo awa afere m'ndende, nditumizireni munthu. Pasanapite nthawi ndinamva kugogoda, ndi mawu a Mayi Nambewe, nesi wopuma pantchito amene amatsogolera amayi kumpingo kwathu. Taonani mmene munthu alili. Ndapempha munthu, munthu wafika pakhomo, ine n'kugwira pakamwa kuti aziyesa kuti ndachoka. Ndinagona chafufumimba pamatailosi, thupi lonse likunjenjemera.

Juno anandiona ndili pansi ndikunjenjemera, ndipo anachita zimene anaphunzitsidwa. Anadzagona monditsamira n'kuyamba kuuwa. Ndinamunong'oneza kuti akhale chete, ndinamukankha, koma sanasunthe. Mayi Nambewe kuuwa kumeneko ankakudziwa, chifukwa amuna anga anagwapo m'tchalitchi iwo alipo. Poganiza kuti wina wagwa mkatimo, anathamanga kukatenga woyang'anira nyumba, ndipo chitseko chinatsegulidwa.

Mayi Nambewe anayang'ana ine, anayang'ana galu, kenako anathokoza woyang'anira nyumbayo n'kutseka chitseko. “Mwana wanga,” anatero, “munthu wa matenda akugwa sapita ku Malawi n'kusiya galu wake. Bambo a Tadala ali kuti?”

Ndinawauza zonse ndili pansi pomwepo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo anandikalipiradi. “Ndiye chaka chonsechi takhala tikusala kudya chifukwa cha apongozi ako athanzi, wodwala weniweni ali yekhayekha? Dzuka, bweretsa mafomu a loyawo. Za mashifiti osinthana podwazika undisiyire ine.”

Lamlungu lake ndinaima kutsogolo kwa mpingo n'kuulula ndekha. Si onse amene anakondwa. Ena anati woledzera akolole zimene anafesa, ndipo sindinawatsutse, chifukwa munthu anagundidwa uja nayenso ali ndi banja lake. Koma ena analemba makalata, ndipo Mayi Nambewe anakonza ndandanda ya amene azidzakhala ndi wodwala tsiku lililonse. Tinadikira masabata angapo. Kenako yankho linabwera kuti alola, ndi malamulo ake oti titsatire.

Tsiku lomwe amuna anga anafika, tinawakweza pachikuku. Juno sanadumphe kapena kuuwa. Anawanunkhiza manja, kenako anaika mutu wake pamaondo awo n'kutseka maso. Amuna anga, amene sanalire ngakhale tsiku lachigamulo, analira ngati mwana. Apo m'pamene nsanje yanga inathera. Ndinazindikira kuti pa nthawi imene ine ndinkachita nawo manyazi, galuyu sanachitepo nawo manyazi.

Anakhala nafe miyezi inayi. Analemba kalata yopepesa kwa munthu uja kudzera mwa loya. Yankho silinabwere, ndipo iwo anati n'zomveka. Anatisiya m'mawa wina, ali pabedi lawo, Tadala atawagwira dzanja, amayi akuimba motsitsa mawu. Juno anagona mowatsamira ngati kale, koma sanauwe. Panalibe woti amuitane, tonse tinali pomwepo.

Mwina wina anganene kuti, nanga chipulumutso chili pati poti bambo anamwalira? Ine sindinapemphe kuti asafe. Ndinapempha kuti asafere kundende, ndipo Mulungu anayankha. Anandimasulanso ineyo, amene ndinadzitsekera m'fulati ndi bodza langa. Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokoza Mayi Nambewe ndi nonse amene munasiya ntchito zanu kudzakhala ndi wodwala wanga.

Inu amene muli ndi wanu kundende ndipo mukuuza anthu kuti ali paulendo, ndikudziwa kulemera kwake. Musaleke kupemphera, koma akagogoda, tsegulani. Abungwe anati Juno wakalamba, akhale ndi ine. Pamene ndikulemba izi wagona pakapeti yomwe ija, mutu uli paphazi langa, ndipo sindikumuchotsa. Ambuye akudalitseni nonse.