Fulashi Imene Inali E

Pamzere wa kokonzetsa makompyuta, bambo wojambula zithunzi ankadandaulira mayi amene anali patsogolo pake.

"Mafulashi osungiramo zinthu za pa kompyuta ndili nawo awiri, mayi. Yofiira ndi ya ntchito, yakuda ndimangotayamo zilizonse. Yakudayo kompyuta imaitchula E masiku onse, ndiye dzulo ndinafufuta zonse za mu E osayang'ana."

"Munayamba kulowetsa iti?"

"Yofiira."

"Basitu. Kompyuta siona mtundu, bambo. Yoyamba kulowa ndiyo imatenga E. Chosasintha ndi nambala ya mkati mwa fulashi, koma amaiyang'ana ndani? Munali chiyani mmenemo?"

"Zithunzi za ukwati wa Loweruka lapitali."

"Eni ake mwawauza?"

"Ndiyambira pati? Mkwatibwi ndi mwana wa achemwali anga. Anakana wojambula wina, akuti amalume salakwitsa."