A Tsamba Limodzi, Wometa Tsitsi Amene Ankatiwerengetsa

Abale ndi alongo, atsogoleri a mpingo, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, imvani mbiri ya bambo athu.

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1951, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anayamba mu 1959, koma analekeza panjira bambo awo atamwalira. Anakaphunzira kumeta tsitsi kwa amalume awo, ndipo mu 1974 anatsegula kachipinda kawokawo pafupi ndi pokwerera mabasi. Munali mpando umodzi, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikirira.

Mu 1977 anamanga banja ndi mayi athu, omwe ankasoka zovala khomo loyandikana. Mayi amati bambowa ankabwera kudzasoketsa batani limodzimodzilo, mpaka iwo anatulukira kuti akumalithothola dala.

Mu 1983 abusa ena anaiwala kabuku pabenchi paja, konena za kutsatira Yesu ndi kuphunzitsa ena kumutsatira. Malemu anawerenga kabukuko mpaka chikuto chinayoyoka. Kuyambira pamenepo, shelefu ya mafuta ndi zipeso inayamba kudzaza mabuku otere. Munthu akakhala pampando, nsalu ili m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi, ndi pamene ankamupatsira buku: "Tawerengani tsamba limodzi lokha, achimwene." Ukanathawira kuti ndi mutu wotero? Ndiko kunachokera dzina lija loti a Tsamba Limodzi. Ena mwa inu mukumwetulira apo ndinu akulu a mpingo lero, ndipo mukudziwa komwe munagwidwira. Komatu sankathera pampando. Ankakulondola kwanu, kuwerenga nawe mpaka buku lithe, kenako n'kukutuma kuti ukapeze mnzako uwerenge naye.

Chimene chinkawapweteka mumtima ndi mwana wawo wotsiriza, makaniko, amene analeka kupemphera akadali mnyamata ndipo ankakametetsa kwina poopa mabuku. Ankati, "Ana a eni ndikuwedza ngati nsomba, wanga akusambirabe."

Mu 2016 matenda a shuga anawatha maso, lumo n'kulisiya. Anapempha mwana uja kuti azidzawawerengera Loweruka lililonse. Iye anavomera chifukwa cha ulemu chabe, ndipo ankawerenga ngati akuthamangitsidwa. Bambo ankamudula: "Pamenepo sindinamvetse, tandifotokozera." Iye ankafotokoza, iwo n'kufunsanso. Tsiku lina anakadandaula kwa mayi ake kuti bambo ayamba kuiwala zinthu. Mayi anaseka mpaka misozi: "Aiwale ndani? Mabuku amenewo anawaloweza iwe usanamere mano." Mwanayo anakwiya, koma Loweruka lotsatira anabweranso. Mu 2019 anabatizidwa, ndipo tsiku limenelo bambo ake anaimba mpaka mawu anasasa.

Malemu anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni chaka chino, impso zitafooka. Ngakhale kumeneko sanapume. Pabedi loyandikana panali dalaivala wa malole wothyoka mwendo, ndipo anayamba naye buku, dalaivala akuwerenga, iwo akufunsa. Anatisiya mwamtendere m'mawa wa pa 21 Juni, atafika pa mutu wachinayi wa bukulo.

Asiya mayi, ana anayi, zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi mlongo wawo mmodzi.

Ife a banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mpingo amene sanatisiye tokha, anansi athu, ndi anzawo ometa tsitsi amene atseka malo awo lero. Dalaivala uja nayenso ali pakati pathu ndi ndodo zake, buku lili m'thumba. Akuti kwatsala mitu isanu ndi umodzi. Amene angamalize naye, aonane naye tisanabalalike.

Bambo athu, ntchito mwaigwira. Usani mu mtendere wa Ambuye.