Chibowo cha pa mpanda wa sukulu

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Amen.

Ambiri mumandidziwa kuti ndine bashi Thoko, bambo ake a Thoko, uja wa benchi lakumbuyo pafupi ndi chitseko. Sindine munthu wa mawu ambiri. Koma lero ndikufuna kuchitira umboni, chifukwa ndikakhala chete ndikhala ngati ndamubera Mulungu.

Mwana wanga Thoko ali ndi khunyu. Eya, ndanena. Mawu amenewa ndinawatsekera m'kamwa nthawi yaitali, ngakhale kwa inu amene timadyera limodzi mgonero.

Anayamba kugwa tikukhala ku Chazanga. Tsiku lina anagwa m'kalasi. Ana onse anathawa, aphunzitsi nawo anakaima pakhomo. Mukudziwa zimene anthufe timauzana, zoti ukakhudza thovu la wakhunyu matenda akulowa. Mwana wanga anamenyetsa mutu pa desiki, wopanda womugwira. Makolo ena anakadandaula, ndipo ife tinauzidwa mwaulemu kuti mwana ayambe wapumula kunyumba. Kupumula kwake kunalibe tsiku lobwerera. Tinasamukira kuno ku Mtendere, ndipo ine ndi amake Thoko tinapangana kuti kuno asadzadziwe munthu.

Kukiliniki anatipatsa mapiritsi. Anesi anati, "M'mawa, masana, madzulo, osalumpha. Ndipo musamupatse mwana kuti aziyenda nawo m'chikwama. Ndi amphamvu awa. Mnzake akameza, mudzalira nonse."

M'mawa ndi madzulo panalibe vuto. Piritsi la masana ndi limene linandimanga, abale.

Amake Thoko amagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku mayadi, amachoka kukucha, kubwera dzuwa litalowa. Kupatsa aphunzitsi mankhwala, ndiye kuti taulula. Kupatsa mwana, anesi akana. Kulumpha, agwa. Tsono ndinatsala ine.

Kuseri kwa sukulu, pafupi ndi zimbudzi, buloko limodzi linagwa pa mpanda, pakatsala chibowo. Belu la masana likamalira ndinkakhala nditaima pamenepo, piritsi m'kapepala, madzi m'kabotolo. Thoko ankabwera ngati akupita kuchimbudzi. Ine kulowetsa dzanja, iye kumeza, kuyasamula kuti ndione, basi ndapita. Osalankhulana. Bambo ndi mwana wake, ngati akuba.

Ine ndine pulambala. Ntchito yathu ili kumene akumanga, ku Chalala, ku Chongwe. Anzanga akandiimbira foni ndinkakana, mpaka anatopa nane. Ndinkangotola timaganyu ta m'komboni muno, mpopi wodontha, chimbudzi chotsekeka, kuti belu lindipeze pafupi. Tsiku lina ndinasiya paipi ikuthira madzi m'khitchini mwa munthu n'kuthamangira kusukulu. Sanandiitanenso. Maliro a amalume ku Katete sindinapite, achibale n'kumati Lusaka yandilowa m'mutu. Ndikanawauza chiyani?

Ndinali ngati mbuzi ya pachingwe, abale. Ndipite uku, chingwe chandikoka. Ndipite uko, chandikoka. Mvula, dzuwa, malungo, ine pa chibowo. Ndinkapemphera kuti, "Ambuye, chiritsani mwana." Zoti ndimasuleni sindinkapempha nkomwe, chifukwa khomo sindinkaliona.

Ndipo ndinkaganiza kuti palibe akundiona. M'komboni muno! Musaseke, ndinkaganizadi choncho. Koma azimayi ogulitsa vitumbuwa pageti anali atandiona kalekale. Inali nthawi ija kunali mphekesera za anthu oba ana.

Tsiku lina nditangolowetsa dzanja, ndinamva mfuu ya mayi wina wa vitumbuwa kumbuyo kwanga.

"Ni uyu! Ni uyu wamene apasa kamwana vinthu pa chibowo!"

Ndisanatembenuke, anthu anali atandizinga: azimayi aja, anyamata a mawilibala, ena ochokera pa siteshoni ya mabasi. Wina anandilanda kapepala kaja.

"Ni vichani ivi? Kambani, mudala!"

"Ni mankhwala," ndinatero. "Ni mwana wanga."

Mayi wina anandiloza kumaso. "Ngati ni mwana wanu, chifukwa chani simungena pa geti monga munthu? Mankhwala ya chani?"

Funso lake linali lolondola. Msana wanga unali pakhoma, kutsogolo kwanga anthu. Liwu limodzi likanandipulumutsa. Koma nditakweza maso, ana a sukulu anali atadzaza pamwamba pa mpanda, akumvetsera. Ndikanena, mwana wanga wathera pomwepo, za ku Chazanga zayambiranso. Ndikapanda kunena, ndathera ine. Ndinatseka pakamwa.

Thabwa linanditera apa, pamwamba pa diso. Chipsera mukuchiona. Wina anakuwa kuti abweretse tayala. Mumtima ndinangoti, "Yesu." Pemphero langa lonse linali limenelo. Yesu.

Kenaka mawu anatulukira pa chibowo, m'munsi mwa phewa langa.

"Basiyeni ba dadi! Nili na khunyu! Nimagwa! Ngati sininamwe nimagwa!"

Ananena, nanenanso, mpaka mawu anasasa. Mwana wa giredi faifi, abale. Chimene ine bambo wake ndinalephera kunena.

Thabwa linagwa pansi. Ana amene anali pafupi naye mkatimo ndinawamva akuthawa, ndipo mtima wanga unasweka kuposa mutu. Ndinati basi, zatha.

Koma Mulungu anali atakonza munthu. Ahedi a sukuluyo, mayi wachikulire, anatulukira pageti atagwira Thoko padzanja. Pamaso pa anthu onse anawerama n'kumupukuta misozi ndi mamina ndi dzanja lawo lenileni. Anatenga piritsi kwa mnyamata amene anandilanda uja, naliyang'ana, nati kwa ine, "Ili ladetsedwa. Muli nalo lina? Tiyeni ku ofesi, nthawi yake isapite."

Mu ofesimo, mwana atamwa, anatsegula kabati ndi kiyi. "Bashi Thoko, mwavutikiranji chonchi? Mukuganiza kuti wanu ndiye woyamba? Umu muli mankhwala a ana ena, a asima, mphumu ija, ndi ena oti sindingakuuzeni, monganso anu sindidzauza munthu."

Anandiuza kuti ndibwere nawo m'paketi yake ya kukiliniki, yolembedwa dzina la mwana ndi kamwedwe kake, osati m'kapepala. Amakhala otsekeredwa. Mphunzitsi mmodzi ndiye amamupatsa ndi madzi, amaonetsetsa kuti wameza, ndipo akatsala pang'ono kutha amanditumizira uthenga. Anaitanitsanso anesi kudzalankhula ndi aphunzitsi ndi ana. Imvani nanunso, abale: khunyu sapatsirana. Munthu akagwa, chotsani zimene zingamupweteke, muikeni chofewa kumutu, mugonekeni chammbali. Supuni m'kamwa ayi. Kuthawa ayi.

Sindikunamizani kuti zonse zili myaa. Thoko sanachire, mankhwala akumwabe. Alipo makolo amene anachotsa ana awo pa desiki yake, ndipo alipo anzake amene sadya nayenso. Koma mwezi wathawu anagwa m'kalasi, ine ndili ku Chongwe pamwamba pa thanki ya madzi. Aphunzitsi ake anamugwira mutu. Ana awiri anasuntha madesiki. Atatsitsimuka anapumula mu ofesi, mawa lake anabwerera m'kalasi momwemo. Palibe anati apumule kunyumba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga pakhoma paja. Ndikuthokoza amake Thoko. Ndikuthokoza ngakhale mayi wa vitumbuwa uja. Anabwera kunyumba kudzapepesa, ndipo ndinamuuza kuti apitirize kuyang'anira ana athu, kungoti azifunsa asanakuwe.

Usiku wathawu ndinapempha chilolezo kwa mwana wanga, chifukwa matendawa ndi ake, si anga. Ndinati, "Mama, nikakambe ku chalichi?" Iye anati, "Kambani chabe, dadi. Ine ninakamba kale."

Ndiye ndakamba. Amayi, nthungululu zanu zili kuti? Abale, imirirani mukondwere nane, mwana wanga ali pasukulu. Aleluya!