Dzanja Limene Ndinaopa Kuligwira

Abale anga mwa Ambuye, ndine uja ndinkatcheza kachasu kumtunda kwa Bowe. Ena mwa inu munali makasitomala anga, koma musaope, sinditchula mayina.

Kachasuyo ndinkayamba ndine kulawa, ndipo kulawa kwake kunkafika masana. Akazi anga, a Nabanda, ali ndi matenda akugwa, aja a khunyu. Ndinkadziwa bwino lomwe. Komabe ntchito yosonkhezera moto pansi pa mgolo ndinkawasiyira iwo, ine ndili pamthunzi kudzitama kuti kulibe mwamuna wochenjera ngati ine.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yozizira, a Nabanda anawerama kuti asonkheze nkhuni, matenda aja n'kuwayamba. Anagwa, dzanja lamanja n'kulowa pamakala.

Kwathu kuno timauzana kuti wakhunyu akagwa usamukhudze, akakuphwisira nthendayo ikulowa. Tinalipo amuna asanu. Tonse tinafutukira m'mbuyo. Inenso, mwamuna wawo, ndinangoti chilili, botolo lili m'manja.

Amene anathamanga ndi mayi Nachisale a mumpingo uno, omwe ndinkawanyoza kuti amataya nthawi ndi nyimbo. Ankachokera kumjigo. Anatula ndowa, anawakoka a Nabanda pamoto, n'kumathira madzi ozizira padzanja paja osalekeza. Ine, wochenjera uja, ndinati tiswerepo dzira.

"Bambo, ikani botolo pansi, katengeni njinga," anatero.

Kuchipatala anatiuza kuti khunyu sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Manyazi anandigwira zedi. Pabenchi pomwepo ndinalira, n'kupempha Yesu kuti andikhululukire. Kenako ndinakapepesa kwa akazi anga.

"Yesu amakhululuka msanga," anandiyankha. "Ine mundipatseko sabata."

Anatenga masabata atatu, koma anandikhululukira.

Mgolo uja lero timasungiramo madzi. A Nabanda akumwa mankhwala, ndipo pamoto ndimakhalapo ndine. Anzanga akale amaseka kuti ndinadyetsedwa. Asiyeni aseke. Mayi Nachisale si awo akhala kutsogoloko? Kuyambira tsiku lija akazi anga sanagwepo ngakhale kamodzi.

Zala ziwiri za akazi anga sizipindikanso. Ndikaziona zimandiwawa mumtima, chifukwa ndikanathamanga zikanapulumuka. Koma Yesu sanafutukire m'mbuyo atandiona ine. Atamandike! Ngati nanunso botolo likadali m'manja, liikeni pansi, bwerani kwa Iye.

Dzanja lija ndinaopa kuligwira ndi lomweli ndalowa m'tchalitchi muno nditaligwira, inu nonse mukuona.